Tadala ndi botolo lofiira

Amayi, kodi kumene mulikoko mukukhalako bwanji?

Ndine Esinati wanu. Ndikulemba ndili kuno ku Vosloorus, m'kachipinda kakuseri komwe kaja ndinkakudandaulirani pa foni kuti kamadontha. Kuno kwazizira koopsa. Chiikireni maliro anu sindinapondenso ku Ntcheu, ndipo nkhani zaunjikana.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu, akazi a achimwene Yohane, anachira mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Kachewere wachita bwino kudimba, koma chimanga chinapserera ndi ng'amba, moti achimwene akuti nkhokwe yanu ija sanaimate n'komwe chaka chino.

Zoipa n'za mdzukulu wanu Tadala. Munamusiya akugwa khunyu mwa apo ndi apo, mukukumbuka. Mutapita inu zinanyanya. Ankagwa m'mawa, masana, nthawi zina supuni ili m'kamwa. Madokotala anasinthasintha mankhwala mpaka anasowa pogwira, ndiye anatitumiza kwa mayi wina wa pachipatala pomwepo amene amaona za zakudya. Iye anati tiyese kadyedwe kotchedwa keto. Akuti thupi likamanidwa shuga ndi zakudya za ufa limayamba kudalira mafuta, ndipo kwa ana ena zimenezi zimakhazika ubongo pansi. Choncho nsima ayi, buledi ayi, mpunga, mbatata, nthochi, zonse ayi. Chololedwa ndi mazira, nyama yonona, batala, kirimu, mapeyala ndi masamba, ndipo chilichonse chiyambe chakwera pa sikelo.

Dzinalo silinali lachilendo kwa ine. Abwana anga aakazi ku Alberton, kumene ndimagwira ntchito ya m'nyumba, amadya keto yemweyo kuti achepetse thupi. Koma iwo likafika Loweruka amadya keke n'kunena kuti ayambiranso Lolemba. Tadala alibe Loweruka, Amayi.

Masiku oyamba anakana kudya. Ankangoyang'ana mbale, misozi chuchuchu, bambo ake akudyera panja kuti asawaone. Ndinakumbuka mawu anu aja, akuti mwana sakana mbale, amakana ndiwo zouma. Basi ndinayamba kuphunzira za masosi ngati mwana wa sukulu.

Woyamba anali mayonesi. Ndimatenga kachikasu ka dzira, madzi a ndimu ndi kamchere, kenako mafuta dontho ndi dontho, uku ndikutakasa ndi foloko mpaka phewa kuwawa. Ukangopupuluma, zonse zimasanduka madzimadzi. Ndinawononga mazira ambiri ndisanagwire njira yake. Vuto lake sachedwa kuwonongeka, ndipo kuno magetsi amazima pafupipafupi. Furiji ikatentha ndimataya, poopa kuwonjezera matenda pa matenda. Wina ndi wa peyala losakaniza ndi ndimu ndi adyo, wobiriwira ngati ndere. Tadala amamutcha sosi wa achule, koma amanyambita mpaka chala.

Sosi amene amamukonda kwambiri ndi wanu. Ndinachita kumuchonderera mayi wa kuchipatala uja kuti alole nsinjiro, ndipo atawerengetsa analola kochepa kwambiri. Mtedza ndimagula kwa mayi wina wa ku Chipata amene amagulitsa pa renki ya matekisi. Mtondo kulibe kuno, ndimaperera m'makina a abwana. Ndimasungunula kansinjiroko mu kirimu ndi batala, n'kuthira pa sipinachi kapena pa kabichi. Si thendo lanu lija, musaseke, koma fungo limafikako. Tsiku loyamba kuphika ndinakhala pa bedi n'kulira, mwana akudya osadziwa kanthu.

Za m'sitolo ndiye mavuto. Munkati shuga ndi mlendo wa pa Khirisimasi, koma kuno amabisala m'botolo lililonse. Ndimaima pakati pa mashelefu n'kumawerenga tizilembo ta kuseri kwa botolo mpaka mlonda amayamba kundizungulira ngati ndikufuna kuba. Tomato sosi, shuga. Chatini, shuga. Chakalaka wa m'chitini, shuga. Ngakhale mayonesi wogula amene anthu amakonda kuno, wotsekemera uja, shuga yekhayekha. Amene anapambana mayeso ndi masitadi wowawasa ndi periperi wina amene ndimangodonthezako pa nkhuku. Koma mtima wa Tadala unali pa botolo lofiira la tomato sosi. Tikadutsa pamenepo ankalisisita ndi chala n'kubweza dzanja yekha.

Zinathandiza, Amayi. Kugwa kunayamba kutalikirana, mpaka tinatha miyezi osamutola pansi. Maso ake anayera. Anabwerera ku sukulu, anaphunzira kuwerenga, Chizulu ankachiyankhula kuposa ine. Bambo ake, amene amanyamula katundu ku Wadeville, anamugulira nsapato zothamangira.

Chimene sindinadziwe ndi cha nthawi ya buleki. Anzake amagula kota pa geti la sukulu. Kota ndi buledi wobooledwa pakati, wothiridwa tchipisi ndi soseji, pamwamba tomato sosi mpaka kuyenderera. Tadala akatsegula kabokosi kake ka mazira ndi sosi wobiriwira, anzakewo ankagwira mphuno n'kumati ndi zakudya za makwerekwere, dzina lija amatitukwana nalo alendofe. Anamuthamangitsa pa benchi yawo. Ndiye anayamba kupereka pensulo ndi rabala kuti amulumitseko kota, chakudya chake n'kumataya m'bini. Ine ndikaona kabokosi kopanda kanthu madzulo, ndinkamuyamikira.

Anagwa Lachinayi masana, pa masitepe a sukulu. Ana anathawa, ena ankajambula ndi mafoni. Kugwa kumeneku sikunafanane ndi kwina konse, kunakana kuleka mpaka ambulansi inafika. Foni inandipeza ndikusita malaya a abwana. Nditafika kuchipatala ndinamupeza mano awiri akutsogolo atathyoka, mutu atamanga bandeji, pa yunifolomu pali magazi ndi tomato sosi, osasiyanitsika. Anatsitsimuka patapita masiku. Dzanja lamanja silikugwira bwino, ndipo mawu amatuluka limodzilimodzi, ngati akuchita kukawatenga kutali. Madokotala akuti tidikire. Ndikawafunsa kuti tidikire chiyani, amayang'ana pa fayilo.

Bambo ake anatopa. Anati, "Mwanayu mwamuzunza ndi njala pachabe. Apite ku Dedza kwa amayi anga, akamuonetse kwa anthu odziwa." Ndinawafunsa kuti ku Dedza akadya chiyani, ndipo akagwera pa moto adzamutola ndani. Anati ndayamba kudzitenga ngati mzungu chifukwa cha khitchini ya ku Alberton. Tinakangana mpaka eni nyumba anagogoda. M'mawa mwake anatenga chikwama, akuti akukakhala kwa anzawo kufupi ndi ntchito. Amaimba foni Lamlungu kufunsa za mwana. Za ine safunsa. Sindikuwada, Amayi. Nawonso anamunyamulapo akuphupha, ndipo si mtima uliwonse umapirira zimenezo.

Tsopano tayambiranso pachiyambi, sikelo, foloko, dontho ndi dontho. Abwana andilola kubwera ndi Tadala ku ntchito, iye amakhala pa mpando m'chipinda chochapira zovala. Koma ndaona nkhope yawo, sizipita patali. N'chifukwa chake sindibwera pa mwambo wa chiliza chanu umene achimwene akonza mwezi wa mawa. Ulendo wa basi ndi wa masiku, zakudya zake sizingafike, ndipo palibe amene ndingamusiyire. Abale anena zambiri, ndikudziwa. Inu nokha mundimvetse.

Dzulo ndikumudyetsa sipinachi wotendera uja ndinalimba mtima n'kumufunsa chifukwa chimene anadyera kota. Sindinakalipe. Anakhala nthawi yaitali akusaka mawu, kenako anati, "Amama, kota... sindinkamufuna. Ndinkafuna benchi."

Ndakhala ndikuwerenga mabotolo nthawi yonseyi, Amayi, ndipo zimenezi panalibe pamene zinalembedwa.

Sindingakulonjezeni kuti achira, poti inenso palibe wandilonjeza. Chimene ndingalonjeze n'chakuti tsiku limene adzabwerere ku sukulu, kaya ndi dzanja limodzi, ndidzakazinga mapiko a nkhuku odzaza beseni, ndidzapanga mayonesi wokwanira kalasi yonse, ndipo ndidzakhala naye pa benchi imeneyo mpaka belu lilire. Amene adzagwire mphuno adzaigwire ndikumuona. Tikadzatha zimenezo ndidzabwera naye kudzasesa pamene mwagonapo.

Mutipempherere kumeneko. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Esinati