Suti Yanga, Tambala ndi Bedi la Audrey

Kafue, mwezi wa Meyi

Okondedwa mlongo wanga Mainess, Nambewe,

Musanawerenge kalata ino sambani m'manja, mukhale pampando osati pamphasa, ndipo nkhuku zichotsedwe pakhonde. Wolemba ndine Ferdinand Mbewe, mwinimbumba, wopuma pantchito ya njanji, mkulu wa okonza njinga onse kuchokera pamsika wa Kafue kukafika ku Chanyanya, munthu amene anasiyira sukulu pa Sitandade Fo pofuna kuti nzeru zitsalireko ena.

Muli bwanji kwathu ku Chadiza? Bondo lija likukulolani kupita kudimba? Alamu anga ba Gideon asiya kutsokomola, kapena akunamizirabe fumbi pomwe ife tonse tikudziwa kuti ndi fodya? Ine kuno ndili bwino, kungopatula msana, koma nkhani ya msana ndifika nayo.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa mwini nkhaniyi ali pafupi nane ndipo makutu ake ndi akuthwa ngati a amake. Ndapatsira Elijah, kondakitala wa basi uja. Akakupatsani envulopu yotsegula, mumukoke khutu.

Za kuno n'zochepa. Magetsi amabwera ngati mlendo wamanyazi, ukangoti umupatse mpando wapita. Nsomba zakwera mtengo, moti azimayi a ku Chanyanya akumazigwira mwaulemu ngati makanda. Koma zimene ndaona ku Lusaka, mlongo wanga, zandikalambitsa kawiri.

Mukudziwa kuti mwana wathu Audrey, chiyambireni digiri yake yachiwiri ija akuti Masitazi, wakhala akutiuza tonse kuti anapeza nyumba pafupi ndi yunivesite. Ine ndinkanyada nazo pakantemba panga, kuuza aliyense wobwera kudzamatitsa chubu kuti mphwanga ali ndi nyumba mu Lusaka. Tsiku lina ndinamanga tinsomba touma papepala, n'kukwera minibasi kuti ndikamudzidzimutse. Wodzidzimuka ndinali ine.

Nyumbayo ndi galaja. Ndikunena chipinda chogonamo galimoto. Mwini wake anatulutsa galimotoyo, anaifunditsa lona pansi pa mtengo wa mango, m'malo mwake analowetsamo ana a anthu. Pansi pakadali banga la oilo. Mabedi anawasanjikiza ngati mashelefu a m'golosale, ndipo atsikana alimo ambiri moti wina akafuna kuvala, anzake amayamba atuluka. Kumeneko sachita lendi chipinda, Nambewe. Amachita lendi bedi. Ndinafunsa Audrey kuti malire a nyumba yake ndi ati. Anandilozera bedi lapamwamba ndi msomali umodzi wopachikapo zovala.

Mabuku ake anali kunsi kwa pilo. Polemba amakhala pabedipo, laputopu pamaondo, mutu ataweramitsa chifukwa malata ali pafupi. Bedi lapansi pake amagonapo anthu awiri mosinthana, namwino wogwira usiku ndi mtsikana wina wasukulu. Wina akadzuka wina agona. Bedi limenelo silidziwa kuzizira.

Atandiuza mtengo wake ndinafunsa ngati akugula galajayo pang'onopang'ono. Sanaseke. Ndipo inu mukumudziwa Audrey, nthabwala zanga amaseka ngakhale zowola. Apo m'pamene anandiululira kuti alandilodi akweza lendi, ndipo wosakwanitsa atuluke pakutha pa mwezi. Kumahositelo a pasukulu anamuyankha kuti malo ndi a ana a digiri yoyamba, iye ndi wamkulu adzionere. Ndalama yomwe amapeza pophunzitsa ana a anthu masamu madzulo imathera pabedi lomwelo ndi pa fizi. Anatinso anakuimbirani foni, inu n'kumuuza kuti abwerere kumudzi, digiri imodzi yakwana, ntchito yauphunzitsi ilipo. Chikwama chake chinali chomangamanga kale.

Ndinamuuza kuti amasule. Ndinati malume ake ndikadali moyo, nyumba ndimupezera ndine, chifukwa ana a masiku ano sadziwa kupempha malo.

Inu mukudziwa mmene timapemphera malo kwathu. Munthu umasamba, umavala zooneka, ndipo supita chimanjamanja. Choncho ndinatulutsa suti yanga ya bulauni ija ndinatsanzikira nayo ntchito, tayi wofiira, nsapato ndinapolisha mpaka ndinadzionamo makwinya. Ndinapalasa njinga kupita ku Shimabala kukagula tambala wamkulu, wa lipombo logwera mbali. Audrey atandiona pasiteshoni ku Lusaka ndi tambala m'khwapa, anandipempha mwaulemu kuti tiyende motalikirana pang'ono.

Tinakumana ndi mnyamata wina dzina lake Derrick, amene ntchito yake akuti ndi ejenti. Ameneyu alibe nyumba, alibe ofesi, ali ndi foni ndi nsapato zosongoka basi. Tisanasunthe phazi anati tilipire ya kuona. Ndinamufunsa kuti kuona ndi maso a ndani. Anayankha kuti ndi anga ine wodzaona. Ndinamuuza kuti maso amenewa ndakhala nawo chibadwire ndipo sindinawalipirepo lendi. Anati mu Lusaka ndi mmene zilili, ba shikulu, ndiye kuti agogo. Ndinalipira.

Nyumba yoyamba, Derrick anali atatiuza mtengo wake tili m'njira. Mwini nyumba atatsegula geti anandiyang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato, n'kutchula mtengo wina, wonenepa kuposa uja. Kuchoka pageti kufika pakhomo unakweranso, akuti anaiwala za madzi ndi zinyalala. Titatuluka Derrick anandinong'oneza kuti suti yanga ndiyo yawononga zinthu, ndikuoneka ngati bwana wa kumigodi. Taonani, mlongo wanga. Kwathu ukavala bwino amakupatsa mpando. Ku Lusaka ukavala bwino amakumeta.

Nyumba yachiwiri ndinavula jekete n'kukulungiramo tambala. Chipinda chake chinali kuseri, pakati pa chimbudzi ndi mpanda. Ndinagona pansi kuti ndichiyeze, ndipo mapazi anga anali panja akupereka moni kwa odutsa. Windo panalibe. Mwini wake anati ubwino wake ndi womwewo, akuba alibe polowera.

Yachitatu ndiyo yandilembetsa kalata ino. Chipinda chinali chabwino ndithu, cha simenti yosalala, windo loyang'ana kum'mawa, ndi malo oika tebulo. Ndinaona Audrey akuyeza khoma ndi maso, ndinadziwa kuti mumtima waikamo kale mabuku ake. Eni ake anali mayi wonenepa bwino, wa zibangili m'manja monse. Ndinati apa ndiye pogwetsera tambala. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinafotokoza kumene tichokera ndi mfunda wathu, ndinati tabwera kudzapempha pogona pa mwana. Mayiyo analandira tambala ndi manja awiri, anamuyeza kulemera, anaitana wantchito kuti apite naye kukhitchini. Mtima wanga unati zatheka.

Kenaka anatembenukira kwa Audrey n'kumufunsa kuti adadi akewa azibwera masiku ati, chifukwa mwamuna akagona pamakhala kandalama kapadera ka madzi osamba. Anatinso asachite manyazi, atsikana ake ambiri lendi amawalipirira ndi madala otere, ndipo madala ndi abwino kuposa anyamata chifukwa sachedwetsa.

Nambewe, ine m'kamwa mwanga simuuma mawu, inu ndinu mboni. Tsiku limenelo munauma. Nditapeza lilime ndinati ndine malume ake, mlongo wa amake, ndinamunyamula ali wakhanda. Mayiyo anaseka nati onse amatero. Anamaliza ndi kunena kuti akufuna lendi ya miyezi itatu pamodzi, ndi ina yachikole pamwamba, mawa lisanafike chifukwa ofuna ndi ambiri.

Audrey anatuluka osatsanzika. Ine ndinatsatira, maondo a suti ali mbuu. Tambala anatsala. Pa atatu tonse amene tinapita kukafuna malo mu Lusaka tsiku limenelo, anapeza ndi tambala yekha, ndipo sindikhulupirira kuti anafika nawo madzulo.

Mwanayo anandiperekeza kukakwera minibasi. Titafika anangoti malume mwayesetsa, koma amayi ananena zoona, mzinda uno si wa anthu ngati ife. Anati chomupweteka si galaja, koma kuti malume ake agwade pafumbi n'kutukwanidwa chifukwa cha iye. Misozi inali m'maso koma sanailole kugwa. Anatengera inu kuuma mutu.

Ndinamufunsa kuti kukalasi amapita masiku onse kapena ayi. Anati ayi, masiku ena okha, otsalawo ndi owerenga ndi kulemba buku lake la kafukufuku. Ndinati basi, tiye ku Kafue. Minibasi yopita ndi kubwera siifika pamtengo wa shelefu ija, ndipo nyumba yanga ilibe ejenti. Anakana. Anati nyumba yanga ndi chipinda chimodzi ndi pabalaza, ndipo mtsikana wamkulu sagona khomo limodzi ndi malume ake, anthu a m'komboni angatole nkhani. Anatinso sangatulutse nkhalamba m'nyumba mwake ngati mmene anatulutsira galimoto uja.

Apa ndiye pakubwera nkhani ya msana. Ndinamufotokozera kuti adokotala a kukiliniki anandipima n'kupeza kuti matiresi ndiwo akundipha. Anandilamula kuti ndizigona pathabwa louma, pamalo popita mphepo, apo ayi chaka chamawa ndiziyenda ngati chikwakwa. Ndiye thabwa lotere lili kuti? M'kantemba mwanga, pabenchi lokonzerapo njinga, panja pa mpanda pomwepo. Ndinati ndinali kale ndi maganizo osamukiramo, chondiletsa chinali chakuti nyumba ikhala yopanda munthu. Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Ndinagwira msana n'kubuula pang'ono. Anavomera kuti ayesa.

Panopa ali kuno. Tebulo la makina osokera la malemu Olipa, mkazi wanga, ndilo lakhala ofesi yake, ndipo akulemba mutu uli chilili ngati munthu. Masiku a kalasi amadzuka kusanache kukakwera minibasi yoyamba, pobwera amagona m'njira, makondakitala amudziwa kale ndipo amamudzutsa akafika. Aphunzitsi ake omuyang'anira akuti alandira chigawo choyamba cha bukulo. Anandiwerengera tsamba limodzi. Sindinamvepo kanthu, koma linali lokoma. Nanenso ndanenepa, chifukwa chimwalirireni Olipa ndiwo zanga zinali mchere ndi madzi otentha.

Koma chikwama chija sanamasule chonse. Chili pakona, ndipo ndikalowa kudzamwa tiyi chimandiyang'ana. Akuti mawu anu akadali m'khutu mwake, ndipo sangakhale kuno amake atanena kuti abwere. Akuti akalemba mayeso a mwezi wamawa aganiza bwino. Kuganiza bwino kumeneko ndikukuopa.

Pempho langa ndi limodzi. Muimbireni foni, mubweze mawu aja. Ndikudziwa kuti munawanena chifukwa cha chisoni, ndipo mukanaona galaja ija mukanamunyamula pamsana tsiku lomwelo. Koma mwana uyu wafika kale pakati pa mtsinje, kubwerera ndi kupitirira mtunda wake ndi umodzi. Ine ndi inu tinasiya sukulu chifukwa atate analibe mbuzi yogulitsa, ndipo palibe anatifunsa. Uyu asasiye chifukwa cha bedi. Mumuuze ndi pakamwa panu kuti akhale kwa malume ake mpaka amalize. Akamva kwa ine amati ndi nthabwala. Ndi vuto lake la munthu woseka, tsiku lomwe ukunena zoona anthu amadikira poseketsa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ba Gideon, muwauze kuti ngongole ya nsolo ija sindinaiwale. Moni kwa mphwanga Jesse ndi mkazi wake, kwa Juliet ndi tiana take, ndi kwa azakhali ngati akumvabe. Ngati sakumva, muwagwedeze dzanja kawiri, adziwa kuti ndine.

Ndine mlongo wanu, wogwada pamaso pa alandilodi,
Ferdinand Mbewe

Apa pansi muwerenge nokha, adzukulu asakuthandizeni. Ndikudziwa kuti mwakhala mukupukusa mutu n'kumati Ferdinand wayambanso mabodza ake. Galaja ndi yoona. Bedi losazizira ndi loona. Tambala anapitadi, ndipo mayi uja ananenadi zimene ananena. Chopeka ndi chimodzi chokha. Kukiliniki sindinapiteko, ndipo dokotala uja kulibe. Msana wanga unali bwinobwino mpaka pamene ndinayamba kugona pabenchi. Audrey asadziwe, chifukwa akadziwa anyamula chikwama tsiku lomwelo. Mphepo ya Juni yochokera kumtsinje yayamba kale kulowa m'mipata ya malata, ndiye Elijah pobwerera mumupatsire bulangete lochindikala lija la malemu atate. Mukatero munene kuti dokotala ndiye walamula.