Ng'ombe Zinatsika Zitavala Maluwa

Tirol, kumapeto kwa Seputembala

Wokondedwa mng'ono wanga Traudl,

Uli bwanji ku Canada komweko, iwe ndi alamu anga a Gordon? Chifuwa chawo chija chinaleka? Nanga ana ndi adzukulu? Ine ndilipo, mawondo okha ndi amene akundilamulira masiku ano. Udzu wa ng'ombe tinamweta wonse mvula isanaunyowetse, pamenepo pokha tithokoze.

Nkhani imene ndili nayo si yabwino, ndipo kumapeto kwake kuli pempho. Woyamba kundiuza anali Wastl, mbusa wathu, yemwe uja unkamuseka makutu tili atsikana. Wakalamba, mano atsala owerengeka, koma chilimwe chilichonse amakwerabe ndi ng'ombe kubusa la kuphiri.

Anatsika masana dzuwa likuswa mtengo, n'kukhala pabenchi la pakhomo panga osapereka n'moni womwe. Ine ndinati, iwe nkhalamba, ng'ombe wasiyira ndani, kapena kachasu wakuthera kumtundako? Sanaseke. Anangoti, "Burgl, kubusa kwathu kwafa munthu."

Iwe unachoka kalekale, ndiye ndikuuze mmene kulili. Kanjira kaja tinkapitira kukasupe tsopano ndi njira ya alendo. Mwana wanga Ferdl ndi amene anaikonza, n'kupaka miyala utoto wofiira ndi woyera kuti anthu asasochere. Nyumba ya bambo anaisandutsa yogona alendo. Amawabwereka ndodo ndi njinga, amawalongedzera buledi ndi tchizi, iwo n'kumakwera phiri tsiku lonse popanda chimene akukatenga. Amadutsa pakati pa ng'ombe ngati akudutsa m'sitolo. Ena amafuna kujambulitsa atakumbatira thole.

Komanso ng'ombe za lero si zija tinkakama ife m'mawa ndi madzulo, zozolowera dzanja la munthu. Ferdl anasiya zokama. Matole amayamwa amayi awo kuphiri komweko, ndipo ukudziwa mmene ng'ombe ya mwana imayang'anira galu.

Akuti anali awiri, bambo ndi mkazi wake, anthu a imvi ochokera ku Holland. Mwamunayo dzina lake Wim, mkaziyo Femke. Anali ndi kagalu koyera pachingwe. Wastl ankakonza mpanda chakumtunda, ndiye anaona Nussa, ng'ombe yathu yotsogolera, itadzutsa mutu n'kusiya kudya. Zinazo zinayamba kusonkhana pambuyo pake.

Akuti anakuwa mpaka mawu kumuthera. "Masulani galu! Msiyeni athawe!" Mwana aliyense wa m'chigwa muno amadziwa zimenezo: ng'ombe imafuna galu, osati iwe, ndipo galu siingamupeze liwiro. Koma bambo uja anawerama n'kunyamula kagaluko, kukafungatira pachifuwa ngati khanda, n'kutembenuzira ng'ombe msana.

Zotsalazo sindikulembera zonse. Nussa inayamba, zinazo zinatsatira. Pamene Wastl amafika ndi ndodo, kagalu kanali katapulumuka kale, kali pamwamba pa mwala, kopanda n'bala lomwe. Helikopita inabwera msanga ndithu, koma inanyamula mtembo.

Mayi Femke anauza Wastl kuti mwamuna wawo anamva kukuwako. Anamva, koma galuyo sanamutayepo chiyambire.

Izi zinachitika m'sabata yomwe ng'ombe zimatsika kuphiri. Ndipo ukudziwa kuti chimwalirire amayi, zisoti za maluwa zimene ng'ombe zathu zimavala potsika ndimaluka ndine. Nthambi za paini ndinali nditadula kale, maluwa ali m'ndowa, timagalasi ndi nsalu za mitundumitundu zili patebulo. Wastl atachoka ndinaziyang'ana, n'kuzifunditsa nsalu.

Sindikuphunzitsa mwambo iwe. Ng'ombe zimatsika zitavala maluwa pokhapokha chilimwe chikatha popanda maliro. Ukukumbukira chaka cha amayi: zinatsika mitu ili yopanda maluwa, mabelu bambo atawatseka ndi udzu kuti asalire, iwe ukulira m'mbuyo mwa ngolo.

Lachisanu masana Ferdl analowa kukhitchini kwanga. Wastl analinso pomwepo, atatsika kudzatenga mabelu akuluakulu. Ferdl anavundukula nsalu ija n'kufunsa kuti, amayi, zisoti zili kuti? Ndinati chaka chino kulibe zisoti.

Poyamba ankayesa nthabwala. Kenako anayamba kundiwerengera: mabasi akubwera, zipinda zonse m'mudzi zadzaza, oimba malipenga aitanidwa, masoseji agulidwa. Ndinati masosejiwo adye, malipenga aimbe, koma manja angawa saluka.

"Amayi," akutero, "mwambowo umanena za anthu a pakhomo ndi ziweto. Yagwera kuphompho ng'ombe yathu? Wafa wachibale? Ujatu ndi mlendo."

Ndinati mlendoyo anagona pabedi lako, anadya buledi wako, anayenda njira imene unapaka utoto iwe ndi dzanja lako. Akafera pa udzu wa agogo ako, ndi maliro a ndani?

Anati chikwangwani chochenjeza anaika pachipata, chojambulidwa galu ndi ng'ombe yomwe, ndipo apolisi anena kuti palibe wolakwa. Ndinati ine sindikunena za wolakwa, ndikunena za wakufa.

Apo Wastl analowererapo. "Iwe Ferdl, ndinkakunyamula pamapewa uli ndi mamina mpaka pachibwano. Udzu uja ndadutsapo lero, magazi sanaume." Ferdl anayankha kuti, "Inu a Wastl, ntchito yanu n'kutsitsa ng'ombe. Za maluwa zisiyireni eni ake." Wastl amvekere, "Eni ake ndi awa akukanawa."

Usamuyese chilombo mwana wanga, Traudl. Nkhope yake inali itagwa, sanadye bwino chichitikire ngoziyo. Anakhala pampando wa bambo n'kugwira mutu. Anati, amayi, mudzi uno sudyanso mkaka, umadya za alendo. Ng'ombe zikatsika zosavala, aliyense afunsa chifukwa chake, ajambula, atumizirana, chaka chamawa njira ija imera udzu. Adzukulu anu muwadyetsa mwambo?

Ndinangobisa manja m'kati mwa epuloni, kuopa kuti angayambe okha kuluka.

Anatuluka osatseka chitseko. Posakhalitsa ndinamumva akukwera kudenga, kumene timasunga zisoti za chaka chatha. Zinali zitauma, singano za paini zikuyoyoka. Iye ndi mkazi wake Resi anakhala m'khola madzulo onse akuzimata maluwa a mapepala. Resi podutsa pawindo langa anayang'ana kumbali.

Nthawi yonseyi mayi Femke anali akadali m'nyumba ya Ferdl, kudikira kuti a chipatala awapatse thupi la mwamuna wawo. Ankakhala pakhonde ndi kagalu kaja pamiyendo, akuyang'ana phiri. Ndinawapititsira msuzi wotentha. Anathokoza, sanamwe. Palibe amene anawauza tanthauzo la maluwa, ngakhale ine ndemwe.

Loweruka m'mawa msewu unadzaza kusanafunde. Mabasi mpaka kutchalitchi, utsi wa masoseji, mowa, ana atakwezedwa pamapewa. Ine sindinavale za chikondwerero. Ndinaima pampanda wanga ndi epuloni ya masiku onse. Nditacheuka ndinapeza mayi Femke aima pambali panga, galu ali m'manja. Anati phokoso lawatulutsa m'chipinda.

Mabelu anamveka kaye kutali, kenako ng'ombe zinatulukira pamlatho. Wastl anali patsogolo, atavala zogwirira ntchito zake za ndowe m'malo mwa za chikondwerero, chipewa chili m'manja, maso pansi. Alendo ankamujambula, kuyesa kuti ndi mmene timachitira.

Pambuyo pake penipeni panali Nussa. Ferdl ankafuna kuti itsike pagalimoto, njira yakuseri, koma zinzake siziyenda popanda iyo, zinangoima pachipata n'kumalira. Ndiye inatsogolera, itavala chisoti chachikulu kuposa zonse, kagalasi kakung'anima pamphumi. Mayi Femke anaizindikira. Ndinamva mpweya wawo ukusintha.

Ferdl anali atakwera pangolo ndi chimkuzamawu. Mawu ake ndi omwewo chaka ndi chaka, anawaloweza ngati pemphero, amatuluka okha iye akuganiza zina. Anafotokoza za mabelu, za tchizi, za msinkhu wa phiri. Kenako ndinamva akuti, "Alendo athu olemekezeka, mukaona ng'ombe zitavala maluwa chonchi, dziwani kuti chilimwe chatha bwino, palibe amene watayika kuphiri!"

Anthu anaomba m'manja. Malipenga analira. Ferdl anatembenuka akumwetulira, ndipo maso ake anagwera pampanda wanga. Ndinaona chimkuzamawu chikutsika pang'onopang'ono mpaka pabondo. Koma mawu anali atapita kale.

Akuluakulu a m'mudzi amene anaima pafupi anavula zipewa. Ena analowa m'nyumba zawo.

Mayi Femke anandigwira pamkono. Anati, "Mayi, chilankhulo chanu sindichimva bwinobwino. Wanena kuti palibe amene watayika?" Ndinati watero. Anafunsanso kuti, maluwawo ndiye tanthauzo lake? Ndinati ndi limenelo.

Sanalire, Traudl. Bola akanalira. Anaima pomwepo mpaka thole lomaliza litadutsa, kenako anati, "N'zokongola. Wim ankafunitsitsa kuziona, n'chifukwa chake tinabwera mwezi uno." Anawoloka msewu pakati pa anthu ovina, n'kukatseka chitseko cha chipinda chawo.

Pempho langa ndi ili. Busa lija bambo anasiyira iwe ndi ine. Ndikufuna pamalo pamene anagwera munthu uja paime mtanda wa thabwa wolembedwa dzina lake, monga timachitira ndi anthu athu. Wastl wati ausema yekha. Ferdl akukana, akuti uopseza oyenda, ndipo chichokere Loweruka sanalowe m'khitchini mwanga. Iwe unamunyamula pa ubatizo, mawu ako amawaopa. Muimbire lamya, umuuze kuti theka la udzu umenewo ndi lako ndipo wavomera. Uchite msanga chisanu chisanatseke njira, chifukwa mawondo anga sadzakweranso chaka china.

Undiperekere moni kwa a Gordon, kwa ana, ndi kwa kamdzukulu kako kaja sindinakaonepo. Mulungu akusungeni nonse. Ukamapemphera utchulemo Ferdl, utchulemonso Wim.

Ndine mkulu wako,
Burgl