Tiyi Amene a Gerard Anandikaniza

Lachiwiri, 4 Malichi
Mvula chiyambire m'mawa. Tsiku lonse kulongedza tiyi wa zitsamba kushopu ya a Gerard ku Finglas, muno mu Dublin. Mjeremani ameneyu, mutu wonse imvi koma ntchito ngati mnyamata. Akuti anafika ku Dublin ndi poto mmodzi wophikira mafuta odzola, kumagulitsa pamsika Loweruka. Pano katundu wawo mpaka ku Cork.
Mwana wanga Wezi m'mimba kumupweteka. Sukulu sanapite.

Lachitatu, 5 Malichi
Wasanza m'mawa. Womusiyira palibe, ndapita naye kuntchito. Ndinapempha a Gerard tiyi wa m'mimba amene makasitomala amamutama. Anamuyang'ana mwanayo, kumuuza kuti adumphe pang'ono. Analephera, dzanja lili pamimba chakumanja. Nkhope yawo inasintha. "Tupochele, apa zitsamba zanga ayi. Tenga jekete yake." Anatseka shopu anthu ali pakhomo, tonse m'vani ya katundu, ulendo wa ku Crumlin kuchipatala cha ana. Ine m'njira mtima kuwira. Sing'anga wanji wokaniza mankhwala ake omwe?

Loweruka, 8 Malichi
Inali apendikisi, kathumbo kotupa m'mimba. Adokotala akuti tikanagona nayenso kunyumba ikanaphulika. Opaleshoni inayenda bwino. Ndinakalirira kubafa mpaka nesi kugogoda. Amayi ku Machinga ndawauza lero, zonse zitatha. Andikalipira kaye kuti ndinawabisiranji, kenako nyimbo pafoni pomwepo.

Lolemba, 10 Malichi
A Gerard abwera ndi juwisi wa maapozi. Afunsa kaye nesi ngati mwana angamwe. Akuti bambo awo, amenenso anali a zitsamba kwawoko, ankawauza kuti ntchito iyi imafuna kudziwa wodwala amene si wako. Manyazi kundigwira ndi zimene ndinkaganiza m'vani muja. Za ntchito akuti ndisade nkhawa, shifiti yanga akugwira okha. Wilbroad, mnzanga wa kuntchito, watumiza chithunzi: malebulo onse apamapaketi a tiyi, a Gerard amata chopendekera. Kuseka koyamba chiyambire Lachitatu.

Lachinayi, 13 Malichi
Tili kunyumba. Wezi akuyenda chowerama, koma buledi wadya, wapemphanso wina. Ine Chichewa, iye kuyankha Chingelezi, monga kale. Lero wafunsa kuti "zikomo" m'Chijeremani amati chiyani. Sindikudziwa. Akuti ndisawafunse a Gerard, akufuna akawadzidzimutse. Uyo akukuwa kuchipinda kuti ndimubwereke foni afufuze yekha, ndipo ine ndalekera pompa.