Mbewu ya Chambiko Chanu

Amama, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno ine ndikulephera kukhala pansi ndi chimwemwe, ndiye ndati nanunso mumve.

Kalata yafika dzana. Andilemba ntchito ya uphunzitsi ku yunivesite, komwe kuja ndakhala ndikuchita kafukufuku. Ndizikaphunzitsa momwe timawetera tizilombo tosaoneka ndi maso m'mathanki akuluakulu, kuti tizisasitsa mkaka kapena kupanga mankhwala. Paja munkakonda kundifunsa kuti, "Iwe Wezi, sukulu yakoyi idzatha liti?" Yatha, Amama, koma tsopano sindichokakonso.

Mukukumbukira tsiku lomwe ndinakuuzani kuti chambiko chanu chimakoma chifukwa cha tizilombo? Munakwiya chomene. Munati, "Tizilombo tili ku hositelo kwanuko, osati m'chipanda changa." Komatu chambiko chomwecho n'chimene chandipezetsa ntchitoyi.

Sizinayende mosavuta ayi. Maliro anu atatha, alamu anga, akazi a achimwene anga a Vitumbiko, anatsuka chipanda chija ndi sopo ndi madzi otentha pokonza m'nyumba. Sanachitire dala, koma nditachinunkhiza ndinalira ngati takuikani kachiwiri. Mbewu ija munkasiya pansi kuti isasitse mkaka watsopano inali itapita, pomwe kafukufuku wanga yense ankadalira iyoyo. Ndinatsala pang'ono kusiya.

Patapita miyezi iwiri ndinapeza anyaJere, anzanu a kukwaya aja, akugulitsa chambiko pamsika wa Champhira. Nditalawa ndinangoima duu. Anandiuza kuti munawagawirako mbewu chaka chomwe ng'ombe yawo inabereka koyamba, ndipo sanaitayepo. Inu simunatiuze n'komwe. Kabotolo komwe anandithirira ndinakafukata m'minibasi ulendo wonse ngati khanda.

Ku labu ndinapezamo kachilombo kamene kamasasitsa mkaka msanga n'kutchinga tizilombo totsegula m'mimba. M'botolo kankagwira ntchito bwino, koma m'thanki yachitsulo kanandikana katatu. Mkaka unkatuluka wamadzimadzi, wopanda fungo lanu. Kenaka ndinakumbukira momwe munkakutira chipanda ndi bulangete lakale m'miyezi yozizira, mphepo ya ku Luwawa ikamawomba, n'kutiletsa kuchigwedeza. Ndinakweza kutentha pang'ono, n'kuzimitsa makina otakasira. Ulendo wachinayi nditatsegula thanki, fungo la kukhitchini kwanu linadzaza labu yonse. Ndinavina pamaso pa anzanga, ndili mu jasi loyera la ku labu.

Tsiku londifunsa mafunso a ntchito ndinatenga chambiko chomwecho ndi makapu. Akuluakulu ondifunsawo anayamba ndi nkhope zouma, koma mmodzi anapempha kapu yachiwiri ndisanamalize kufotokoza. M'mapepala a kafukufuku, kachilomboko ndakatcha dzina la mfunda wanu, NyaMoyo. Ndikudziwa mukanati ndakunyozetsani, koma mundikhululukira.

Kumudzi kuli bwino. Alamu aja abereka mwana wamkazi, wamakutu anu enieni, ndipo za chipanda zija tinaseka n'kuiwala. Nyemba zachita bwino chaka chino, chimanga chokha n'chimene chavutika ndi mbozi kumunda wakumtunda. Denga la khola linagwa ndi mvula yaposachedwapa, achimwene akuti akonza, mukuwadziwa. Adada akudandaula bondo, koma kutchalitchi sajomba. Nditawawerengera kalata ya ntchito anangothokoza kuti yewo, n'kutuluka panja. Ndinawapeza ataima kuseri kwa nkhokwe, akupukuta m'maso ndi chipewa.

Ndiyamba kuphunzitsa Lolemba likubwerali. Mantha ndili nawo, chifukwa akuti kalasi yake ndi yodzaza, ndipo ena ndi aatali kuposa ine. Koma ndikulonjeza kuti mvula ikatha ndidzabwera nawo ophunzira anga ku Champhira, adzaone amayi akumudzi akusasitsa mkaka asanagwire thanki iliyonse. Tikadzamaliza, iwo adzatsogole ku basi. Ine ndidzatsalira pang'ono, ndidzalambule pamanda panu, ndikuuzeni momwe anandimverera.

Ndimakukondani chomene, Amama.

Ndine mwana wanu,
Wezi