Nsapato Zafika, Waldek Sanafike

Lamlungu pa 4 Ogasiti, dzuwa litapendeka, mbale ndisanatsuke

Wokondedwa mwana wanga Bogusia,

Kalatayi uipeza m'sutikesi ya mdzukulu wanga Tosia, pansi pa botolo la nkhaka, ukakamulandira mawa pabwalo la ndege ku Oslo. Ine ndilipo, mawondo okhawa ndiwo akundichitira mwano. Koma mwanayo usayambe ndi kumufunsa za bambo ake. Sanawaone.

Eee, sanawaone. Mayi ake Iwona amatipatsa mwanayu masabata awiri pachaka ngati akutibwereka mchere, ndipo masabatawo atha mlongo wako Waldek asanaponde pakhomo pano.

Loweruka loyamba linamupeza ku Jeremani ndi thiraki yake ija. Lamulo lawo la chilimwe ukulidziwa: masukulu akatsekera, mathiraki aziima Loweruka ndi Lamlungu, kuti mabwana opita kunyanja ndi agalu awo asachedwe kukawotcha misana. Tchuthi chomwe chatibweretsera mwana ndi chomwechonso chamanga bambo ake miyendo.

Kamil, kamnyamata ka mu ofesi kogawa maulendo kaja, kanalumbira kuti sabata yachiwiri Waldek apuma. Lolemba akungotsitsa katundu, foni ngrii: usabwere kumudzi, khotera ku Italy. Akuti mafakitale a matailosi akutseka mwezi wonse, katundu atuluke msanga, madalaivala ena ali patchuthi. Ndinakaimbira ndekha.

"Iwe Kamil, mayi ako ndinawasambitsa ine ali khanda. Mwana wanga wamuika kuti?"

"Agogo, musadandaule, pakompyuta zikukwanira. Akapakira Lachinayi, Loweruka m'mawa ali pakhomo."

"Kompyuta yakoyo inabereka?"

Lachinayi lake liti? Dziko lonse linathamangira matailosi omwewo. Anamupakira Lachisanu, ndipo pofika pamalire a Austria msewu unali utawatsekera.

Dzulo m'mawa Waldek anaimba foni. "Amayi, tathithikana kuno ngati nkhuku m'khola. Mpaka Lamlungu usiku palibe kusuntha."

"Nanga zikulira kumbuyo kwakozo si mathiraki?"

"Awo ndi a firiji, amayi. Zowola amazilola kudutsa."

"Ndiye pichesi walemekezeka kuposa iwe? Gula kabichi mmodzi uike pamwamba pa matailosiwo!"

Anaseka, koma kuseka kwake ndimakudziwa, ndinamuyamwitsa ndine. Ndinati asiye chigalimotocho akwere ndi a firijiwo. Akuti akachisiya akuba ang'amba tenti, ntchito ithere pomwepo, nanga mwana azimuthandiza ndi chiyani? 

Lero tikumwa msuzi wa nkhuku tamva chigalimoto chikuima pageti. Tosia anataya supuni, liwiro. Sanali bambo ake. Anali Rysiek wa kuseri kwa tchalitchi, woyendetsa ya firiji. Anakumana ndi Waldek pamalire pomwepo, iye n'kudutsa ndi mapichesi ake. Anatsika ndi katoni kukhwapa.

"Mayi Genowefa, Waldek ndabwera naye, koma chidutswa chokha."

"Iwe, ndi chimimba chakocho unalephera kumubisa pakati pa mapichesi?"

"Akanawola, amayi. Ndi wofewa mtima uja."

M'katonimo munali nsapato zofiira, zachikopa, zokongola moti ndinapukuta manja ndisanazigwire. Koma Bogusia, Waldek anagulira phazi la chaka chatha. Mwanayu watalika, wandifika m'khutu. Anakankha, anapinda zala, anakankhanso mpaka zinalowa. Kenako anaimbira bambo ake pafoni yoonana ija, n'kuloza kumapazi.

"Adadi, taonani! Zandikwana ndendende."

"Ndimadziwa ine! Mwana wanga ndingamuiwale phazi?"

Pano ndikulemba Tosia ali panja, akuyenda ngati waponda minga, zithende zatuluka matuza. Ndamuuza kuti avule asanapunduke. Wandiyang'ana ndi maso a bambo ake aja, akuti, "Agogo, nanga akaimbanso?" Ndabwerera m'nyumba. 

Usiku uno awamasula. Koma kamakina ka m'thiraki kowerenga maola oyendetsa kaja kamugoneka Waldek panjira, ndipo ndege ikamanyamuka mawa m'mawa iye adzakhala asanatuluke m'dziko la eni. Ma pierogi, tizitumbuwa tathu tija, amene ndinamuumbira ndawaika mufiriji. Adzadya Lachiwiri, atakhala moyang'anana ndi mpando wopanda munthu.

Tsono mvera. Iwona ine sindimulembera. Zomwe ndinanena kukhoti kuja ndinanena, sindimeza malovu olavula. Koma iwe umakumana naye kutchalitchi, mlamu wako ndithu, ukwati kutha si kutha kwa chibale. Umupemphe atipatsenso mwanayu. Osati pa Khirisimasi, osati pa Pasaka, masiku opuma ndi omwe amatidyera Waldek. Atipatse sabata yopanda dzina, mu Novembala, mvula ikuwaza, aliyense ali pantchito, nyanja itasowa woiyang'ana. Lachitatu wamba. Akanena za sukulu, umuuze kuti masiku asanu sangamuphwetse nzeru, ine ndinalekezera kalasi yachinayi koma kalata iyi ndalemba ndekha. Akakana, wakana. Ndingatani ine? Ndilibe msewu, ndilibe ndege, ndili ndi geti lokha.

Nsapatozo umuvule mwanayo m'galimoto musanafike kwa mayi ake, umupake mankhwala. Usazitaye, ndipo Waldek asamve.

Moni kwa amuna ako ndi ana. Ukatha kuwerenga, kalatayi umupatse Iwona awerenge yekha, pakuti iwe ukamafotokoza umathira shuga wambiri. Polemba za mchere paja uphimbepo ndi chala. Umuuze kuti mwana wamulera bwino, ndaona ndi maso anga. Umuuzenso kuti amayi akupereka moni. Unene choncho kumene: amayi.

Ndine mayi ako,
Genowefa