Mipata ya nsungwi ya Bambo Tomé

Lolemba, 10 Fevereiro 2025, Cuamba

Mutu waima. Kompyuta ikuti m'nyumba yoyanikiramo matemba ija mpweya sukuyenda. Nyumba yojambula ine ndemwe, amayi a ku nyanja ya Amaramba n'kumangitsa kwa mmisiri, Bambo Tomé. Pachithunzi pansi ponse pali buluu, kutanthauza kuti mpweya waima, nsomba zidzaola. Aphunzitsi anga, a Dércio, sanachulutse gaga m'diwa: "Agwetse khoma la nsungwilo, amangenso." Ndaimbira azakhali a Júlia, apampando a gulu la amayiwo, kuti agwetse Loweruka. Angoti, "Tamva, mwana." Manyazi osasimbika. Mvula ili mkati, ayanika kuti?

Lachitatu, 12 Fevereiro

Chitsiru ndine! Masana ndimaona zithunzi za nyumbayo pafoni. Dzuwa likulowa bwinobwino pakati pa nsungwi. Ndatsegula malha, ndiye kuti timabokosi tomwe pulogalamu imadula yokha m'kati mwa nyumba kuti iwerengere mpweya kabokosi ndi kabokosi. Mipata kulibe! Ine ndinaijambula ndithu, koma kukula kwa timabokosi sindinakhudze, ndinasiya mmene ndinakupezera, masentimita asanu. Mpata wa nsungwi sukwana awiri. Pulogalamu inangomata mipata yonse n'kuyesa khoma lanjerwa. Ine n'kuikhulupirira ngati Uthenga Wabwino.

Mtima wapepukako. Mwina nyumba ilibe mlandu.

Lachinayi, 13 Fevereiro

Ndaiuza pulogalamu kuti idule timabokosi tating'onoting'ono pafupi ndi nsungwi, tikuluko pakati. Timabokosi tachoka pa zikwi makumi anayi kufika pa miliyoni imodzi ndi theka. Laputopu ikulira ngati chigayo. Magetsi athima itafika theka. Kuyambiranso. Sindinatukwane, koma ndinatsala pang'ono.

Lachisanu, 14 Fevereiro

Zatuluka! Mpweya ukulowa m'mipata, kudutsa m'mathandala onse, n'kutulukira pamwamba. Buluu uja wasowa. Ndavina ndekha m'chipinda. A Dércio ayang'ana nthawi yaitali, kenako akuti, "Malha uziiona ndi maso usanaikhulupirire." Lolemba lija iwo anaiona ndi chiyani? Ndangovomera, ndimafuna digiri.

Koma foni ya azakhali sikupezeka. Ndaimba kasanu ndi kawiri. Mawa ndi Loweruka.

Lamulungu, 16 Fevereiro, ku Amaramba

Dzulo chapa, minibasi yathu ya kuno, mpaka ku Mandimba, kenako njinga yamoto m'matope. Njira yonse m'maso ndikungoona nsungwi zili mbwee pansi.

Nyumba ili chiimire. Matemba tho m'mathandala, ouma gwa. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira.

Azakhali anandiseka mpaka misozi. Akuti nditangoimba Lolemba, anatenga nthenga ya nkhuku n'kuika pa mpata, nthenga n'kumavina. "Tinati kompyuta ya mwanayo yadwala, tiidikire ichire." Kugwetsa sanakuganizireko n'komwe. Foni inali yozima chifukwa sola sinaone dzuwa masiku atatu.

Ndafunsa Bambo Tomé kuti mipatayo anayeza bwanji, poti yonse ndi yofanana. Andionetsa chala chamkombaphala. Ndawapempha kuti ndichiyeze ndi lula. Sentimita imodzi ndi mamilimita asanu ndi awiri.

Nambala imeneyi ikulowa m'lipoti langa, dzina la mwini chala pambali pake.