Musatumize Nsomba Ina

Lachiwiri, 9 Julaye

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mudabwa kuona kalata yolemba pamanja pamene foni ilipo. Chifukwa chake n'chakuti bedi la bambo tinalisamutsira pabalaza, ndipo foni ikangolira amatchera khutu. Thupi lonse lakalamba koma makutu okha ayi. Inunso mukaimba mumakhala muli pakhomo polowera ku msonkhano wina. Ndiye ndakhala pansi kuno kusukulu, ana atatuluka kokapuma, kuti ndikuuzeni zinthu mwadongosolo ngati mmene ndimachitira m'kalasi. Mundipirire, mukudziwa kale kuti mlongo wanu sadziwa kufupikitsa nkhani.

Uthenga wanu ndinaulandira, woti mwamva chisoni ndi imfa ya nsomba za bambo, ndipo mukufuna kuuza a kusitolo kuti abweretse zina khumi mwezi uno usanathe. Zikomo chifukwa cha mtima umenewo. Koma chonde musatumize nsomba ina. Ndifotokoza chifukwa chake.

Munafunsanso kuti matendawa anachokera kuti. Bambo anati ndikuyankheni kuti amangobwera okha ngati chimfine. Ine ndimaphunzitsa sayansi, ndiye mawu amenewo dzanja langa likukana kulemba. Ndingokuuzani zimene ndinaona.

Mukuikumbukira thanki yaing'ono ija ya m'kanjira kopita kubafa, imene bambo amaitcha chipinda cha alendo. Kuyambira tili ana lamulo linali limodzi: nsomba yatsopano iliyonse iyambe yagona mmenemo mwezi wathunthu, aione kadyedwe, aione khungu, kenako ndiye ikalowe m'thanki yaikulu ya pabalaza. Inu munalirapo chifukwa cha lamulo limeneli, tsiku lija anakugulirani kansomba kachikasu mutakhoza mayeso. Bambo anangokusisitani m'mutu n'kunena kuti, "Mlendo sathamangira kuchipinda kwa eni nyumba, Injiniya."

Pa tsiku lokumbukira kubadwa kwawo, wa kusitolo ya nsomba anafika ndi mphatso yanu m'thumba la pulasitiki lodzaza madzi, ya buluu ija ya mchira wachikasu. Munasankha bwino, achimwene. Bambo anaika thumbalo pamiyendo n'kuliyang'ana nthawi yaitali, ndipo anamufunsa munthuyo kawiri konse ngati inuyo munaisankha nokha pachithunzi. Potuluka iye anati, "Achikulire, inu sindingakuphunzitseni ntchito, koma iyambe yakhala payokha." Ine ndinali nditadzaza kale madzi m'chipinda cha alendo. Nditabwera kudzatenga thumba lija, bambo analikumbatira.

"Iyi ikulowa kwa anzake lero," anatero.

"Bambo, nanga lamulo?"

"Lamulo ndi la alendo. Uyu wachokera kwa mwana wanga. Ukufuna mwana wanga afike pakhomo pano, ine n'kukamugoneka m'kanjira ka kubafa?"

Ndinaseka poyesa nthabwala. Koma anaimirira okha osagwira ndodo, chinthu chimene anali asanachite sabata yonseyo, nayandamitsa thumbalo pamwamba pa madzi kuti kutentha kufanane, kenako n'kuitsegulira njira. Anaitcha Injiniya, dzina lanu la paubwana. Madzulo amenewo anadya mpaka kupempha zoonjezera.

Patapita masiku ochepa Injiniya anayamba kudzikhula pamiyala. Kenako pazipsepse pake panaoneka timadontho toyera, ngati wina wamuwaza mchere. Timadontho timeneto ndi tizilombo. Kachilombo kamaboola khungu la nsomba, kamalowanso mmene nsomba imapumira, n'kumadya. Kakakhuta kamagwera pamchenga n'kudzitsekera m'kachikwa, ndipo mmenemo kamagawikana kukhala mazanamazana. Tikaswa timasambira kufunafuna nsomba ina. Ndiye munthu umaona madontho asowa n'kumati yachira, osadziwa kuti pansi pakuswana gulu. Bambo ankazidziwa zimenezi kuposa ine. Komabe madontho atasowa anandiyang'ana n'kunena kuti, "Waona? Kunali kutopa ndi ulendo basi."

Atabweranso anabwera pa nsomba zonse. Mankhwala ake ndi a kopa, koma kopa amapha makorali, tizamoyo tija tomera pamiyala ngati maluwa, komanso nkhono ndi tinkhanu, choncho sungawathire m'thanki yaikulu. Tinayenera kuphwasula miyala yonse imene bambo akhala akuiyala zaka zonsezi, kuti tigwire nsomba imodziimodzi ndi kaukonde n'kukaiika m'chipinda cha alendo. Ine manja ali m'madzi mpaka m'mapewa, bambo ali pampando akulozera ndi ndodo. Ahedi, yaikulu ija yokonda kuyendera ngodya zonse ngati ikufufuza ochedwa, inafa tisanaigwire. Zina zinkafera m'manja. Akwati, tiwiri ta mizere yoyera timene mayi anasankha okha chaka chawo chomaliza, tinafika m'chipinda cha alendo tili moyo, ndipo ndinayamba kulimba mtima. Kakakazi kanafa Lamlungu m'mawa. Kakamuna kanakhala pakona osadya mpaka kanatsatira. Bambo anati nditikulunge m'kansalu, ndipo tinatikwirira mumphika wa duwa la mayi lija la pakhonde. Anangondipempha kuti tsiku limenelo ndizimitse nyale ya thanki.

Yatsala imodzi yokha, ndipo ndi Injiniya. Zimachitika kawirikawiri kuti nsomba imene inakumanapo ndi matenda imapirira, pamene zinzake zosawadziwa zikutha. Ali m'chipinda cha alendo tsopano, khungu lasalala, akudya ngati palibe chachitika.

Tsopano ndikuuzeni chifukwa chimene nsomba zatsopano sizingalowe. Thanki yaikulu iyenera kugona, ngati munda umene ausiya tsala. Tizilombo tija sitingakhale popanda nsomba. Tikaswa n'kupeza mulibe, timafa ndi njala. Vuto n'lakuti sitiswa tsiku limodzi, tina timachedwa kwambiri m'zikwa zawo, ndiye pamafunika miyezi iwiri ndi theka mopanda nsomba ngakhale imodzi. Mukaikamo khumi zanuzo lero, ndiye kuti mwatipatsa chakudya, ndipo maliro ayambiranso. Nthawi yake ikwana kumayambiriro kwa Seputembala. Ikadzakwana, nsomba zidzalowa pang'onopang'ono, iliyonse itayamba yagona kuchipinda cha alendo.

Pakali pano pabalaza pali zii. Pampu ikungolira, nyale ikuyaka, makorali akutambasula tizala tawo, nkhono zikukwawa pagalasi. Loweruka lililonse ndimasungunula mchere m'ndowa, kuyeza, n'kusintha madzi, bambo akundiyang'anira ngati ndine wophunzira wa chaka choyamba. Masiku enawo amangokhala pabedi maso ali pathanki. M'mawa ndisanapite kuntchito ndimawakankha pampando wa matayala uja munatumiza mpaka m'kanjira ka kubafa. Amagogoda galasi ndi chikhadabo n'kunena kuti, "Wadzuka bwanji, mwana wanga? Pepa, kuno n'kopanikiza, koma upirire pang'ono." Ine ndimanamizira kufunafuna makiyi.

Azakhali anabwera Lachisanu. Ataima patsogolo pa thanki, manja ali m'chiuno, anati, "Achimwene, kale ndinkadabwa kuti mukuweta nsomba zosadyedwa. Tsopano mwafika poweta madzi?"

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. "Madzi sathawa pakhomo, achemwali. Ndipo safuna ndiwo."

"Ndiye mundigawireko mbewu, nanenso ndikayambe ulimi umenewu."

Anaseka onse awiri. Koma nditapita kukhitchini kukatenga tiyi, azakhali ananditsatira n'kutseka chitseko, nthabwala zitawathera. "Mwana iwe, miyendo ija waiona? Mchimwene wako akudziwa?" Ndinawayankha kuti mukudziwa pang'ono. Iwo anati pang'ono sakweretsa munthu basi.

Ndiye ndifike pamene ndakhala ndikuzungulira. Bedi sitinalisamutse chifukwa cha nsomba zokha, monga ndinakuuzani pafoni. Masitepe aja opita kuchipinda kwawo anawakanika. Miyendo yatupa, nsapato sizikulowanso, ndipo amagona chotsamira mapilo chifukwa akagona chagada mpweya umawathawa. Sabata yatha tinapita kwa dokotala wa mtima. Bambo anamufotokozera zonse, za tizilombo, za zikwa, za tsala, za Seputembala, iye akumvetsera moleza mtima ngati alibe odwala ena panja. Namwino atawatenga kukawayeza, ndinatsala n'kufunsa ngati mankhwala atsopanowa awasunge ndi mphamvu mpaka nthawi imeneyo. Dokotala anaika cholembera pansi, n'kuyang'ana pawindo, kenako anati, "Kodi nsombazo sizingalowe msangako pang'ono?"

Ndinamva, achimwene. Ndikhulupirira nanunso mwamva.

Titafika kunyumba ndinayesa. Ndinati, "Bambo, ena amati mwezi umodzi ndi theka umakwana. Bwanji Injiniya abwerere mu Ogasiti, pabalaza pano pakhale choyenda?"

"Ena ake ati?" anafunsa. "Ndinakuphunzitsa ndine, usandinamize ndi sayansi yanga yomwe. Lamulo ndinalithyola kamodzi, ndakwirira akwati a mayi ako. Sindilithyolanso."

Anapuma kaye, chifukwa masiku ano mawu ataliatali amawadula pakati. Kenako anati, "Ndipo tsiku limenelo kaukonde adzagwira ndi mwini wake. Iyeyo ndiye adzamulowetse."

"Mwamuuza?"

"Ali ndi ntchito, usamusokoneze. Abwere kudzaona chiyani, madzi? Adzabwera thanki ikakonzeka."

Ndiye mmene zinthu zilili ndi mmenemo. Bambo safuna kukuitanani thanki isanakonzeke, thanki ikudikira tizilombo tife, ndipo funso la dokotala ndinalimva ndekha. Ndaganizapo zomunyamula Injiniya iwo ali m'tulo n'kumuponya m'thanki yaikulu, kuti akadzuka apeze buluu akudutsa pamaso pawo. Koma akadzaonanso timadontho tija pa nsomba imeneyi, sindikudziwa kuti ndidzawayang'ana bwanji. Masiku a tizilombo sindingawafupikitse. A bambo sindingawatalikitse. Chokhacho chimene munthu angasinthe pamenepa ndi tsiku la ulendo wanu.

Sindikukuimbani mlandu, ndipo musawerenge kalatayi ngati mlandu. Nsomba munagula ndi mtima wabwino, sitolo inanena zoyenera, ndipo amene anatsegula thumba ankadziwa bwino chimene akuchita. Zonse zimene mwatumiza zikugwira ntchito, mpando, makina oyezera kuthamanga kwa magazi, pampu yatsopano. Anthu akabwera bambo amawaonetsa chimodzichimodzi n'kumati, "Ichi ndi mwana wanga, ichinso ndi mwana wanga." Koma ine ndinalipo pamene munthu amene sanathyolepo lamulo lake ngakhale inu mukulira anakumbatira thumba la pulasitiki ngati lili ndi mapewa. Sindikufuna kuonanso zimenezo. Mukatumiza nsomba khumi adzazilandira chimodzimodzi, ndipo sindikhulupirira kuti adzakwanitsa kuzisiya m'kanjira.

Bwerani mwezi uno, achimwene, kapena kumayambiriro kwa Ogasiti. Musadikire Seputembala. Mudzapeza thanki yopanda nsomba, ndipo bambo adzakukalipirani kuti mwasiya ntchito kudzaona madzi. Muwalole akalipe. Mudzakoke mpando, mukhale nawo, muziweta madziwo limodzi. Ngati Mulungu alola kuti Seputembala atipeze tonse, kaukonde kali pamsomali paja pomwe mumakadziwa. Mukabwera mutenge juzi, pabalaza pamazizira chifukwa bambo safuna kuti titseke windo, akuti mpweya umachepa.

Azakhali akupereka moni, akuti akakuonani adzayamba akukokani khutu kenako ndiye adzakupatseni dzanja. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo muwathokoze chifukwa cha masokosi aja, ndi okhawo amene akulowa. Ana muwauze kuti chithunzi chawo agogo anachitsamiritsa pagalasi la thanki, moyang'ana kubedi. Duwa la mayi laphukira masamba atsopano.

Bambo sakudziwa kuti ndalemba. M'mawa uno, tikuchokera kwa Injiniya, ndinawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndidzakuuzeni mukadzaimba. Anaganiza kaye, n'kunena kuti, "Umuuze kuti nsomba yake ikudya bwino. Zinazo usamuuze."

Nsomba yanu ikudya bwino, achimwene.

Kuchipinda kwanu ndasesa ndipo ndayala kale. Mukafika musagogode.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
amene akudikira pamodzi ndi bambo.